Kalavani yaing'ono ya anthu awiri: zolemba za ntchito, kuchokera papepala kufika pasikelo

Sabata 1 ndi 2, zonse zikadali papepala

Chimene tikupanga ndi kalavani ya mtundu wa teardrop, ija yozungulira kutsogolo n'kumanka ikusongoka kumbuyo ngati dontho la madzi. M'kati mumangokwana bedi la anthu awiri, munthu saimiriramo, ndipo khitchini ili panja, kumbuyo, pansi pa chivundikiro chotsegukira m'mwamba. Mtunduwu unafala ku United States m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, makamaka nkhondo itatha mu 1945, pamene aluminiyamu wotsala ku ntchito ya ndege ankapezeka mosavuta. Ambiri ankaipanga mafiti 4 m'lifupi ndi mafiti 8 m'litali. Panalibe nzeru yakuya apa. Pulayiwudi amabwera pa muyeso umenewo, 1220 x 2440 mm, basi.

Amene amalota kalavani ngati iyi amalota mzere wa m'mbali ndi aluminiyamu wonyezimira ngati wa makalavani otchuka a ku America a Airstream. Tsamba loyamba la kope lathu lilibe chithunzi, lili ndi nambala: makilogalamu 750. Ku Ulaya ndi m'mayiko ena ambiri, kalavani yosapitirira pamenepo itasenza katundu yense imaloledwa kuyenda yopanda mabuleki ake, ndipo ku United Kingdom amawonjezeranso kuti isapose theka la kulemera kwa galimoto yoikoka. Buku la galimoto nalo lili ndi malire ake, kawirikawiri ocheperapo. Ndiye tagawa chonchi: yopanda kanthu isadutse makilogalamu 520, otsalawo akhale a madzi, batire, firiji, zofunda ndi ziwiya. Chilichonse cholowa m'ntchitoyi chiyambe chakwera sikelo n'kulembedwa.

Mkangano waukulu unali wa m'lifupi. Pa mamilimita 1220, mukachotsapo makoma awiri, m'kati mumatsala pafupifupi 1170. Anthu awiri akuluakulu angagonepo usiku umodzi, wachiwiri ayamba kugundana zigongono. Tasankha 1500 kunja, kuti matiresi a mamilimita 1400 alowe n'kutsalako kampata kopindira zofunda. Mtengo wa chisankhochi tikuudziwa: pulayiwudi wa denga sakwananso chonse, afunika kulumikiza, ndipo aluminiyamu tifuna wa 1500 x 3000 mm.

Sabata 3, kalavani ya makatoni

Tajambula mbali imodzi pa makatoni pa msinkhu wake weniweni, taiimika, taika matiresi pansi. Zinthu ziwiri zaonekera zimene papepala zinabisala. Denga pamwamba pa mutu linali lotsika, munthu wamtali akakhala tsonga amagunda. Talikweza kuti kuchokera pamatiresi kufika kudenga pakhale mita imodzi yathunthu. Chachiwiri ndi chitseko. Chinali kutsogolo kwambiri chifukwa pachithunzi chimaoneka bwino pamenepo. Polowa mu teardrop munthu amayamba wakhala pakhomo, kenako n'kulowetsa miyendo, choncho khomo liyenera kukhala pamene pamafika chiuno cha munthu wogona. Tachibweza mamilimita 150. M'munsi mwa khomo mukhale chapakati pa kuchindikala kwa matiresi, apo ayi thabwa limakanikiza kuseri kwa ntchafu nthawi iliyonse yokhala.

Sabata 4 mpaka 6, felemu

Chitsulo ndi paipi ya makona anayi, 50 x 50 x 3 mm, yolemera pafupifupi makilogalamu 4.3 pa mita. Mitanda iwiri ya m'litali, inayi yopingasa, ndi iwiri yokumana kutsogolo ngati chilembo A, zonse pamodzi zapitirira pang'ono mamita 15, kutanthauza makilogalamu 66. Ena amaika chitsulo chokhuthala kuposa apa poopa kuti felemu ingapindike. N'kuwononga makilogalamu. Bokosi la matabwa likamangidwa bwino pamwamba pake, ndilo limaumitsa zonse. Pamene pamafunikadi mphamvu ndi pa mitanda yokokera, polowera pansi pa bokosi, chifukwa apo ndi pomwe chitsulo chimapindika n'kuwongoka pa bampu iliyonse. Mitandayi taipititsa pansi mpaka pa mtanda wachiwiri wopingasa, ndipo sitinawotcherere modutsa pamwamba pake pamalo amenewo. Mzere wowotcherera wopingasa pamalo otere ndi umene mng'alu umayambira.

Cholakwika cha sabatayi: titawotcherera mbali imodzi yonse kaye, felemu inabenda. Poyeza ngodya ndi ngodya mopingasa, miyeso iwiri inasiyana mamilimita 9. Chitsulo chikamazizira chimakoka cha kumene kwawotchereredwa. Tinadula mfundo ziwiri, tinaipanira pa tebulo lathyathyathya, tinagwiriziza madontho m'makona onse, kenako kuwotcherera mosinthanasinthana, kuno pang'ono, uko pang'ono. Tsopano kusiyana n'kwa mamilimita 2.

Amene akufuna kuviika felemu mu zinki akumbukire kuboola mabowo pa paipi iliyonse yotsekeka. Zinki wosungunuka amatentha madigiri pafupifupi 450, ndipo mpweya kapena chinyezi chotsekeredwa m'kati chingaphulitse paipi. Ife tapaka penti wa epoxy, utomoni wouma ngati pulasitiki, kawiri ndi wapamwamba kamodzi.

Sabata 7, ekiselo ndi masamu ake

Apa tikhalitsapo, chifukwa kalavani yokongola imene ikupukusa mchira pamsewu ndi ngozi chabe.

Ekiselo ndi ya raba, imene ena amati torsion, ya makilogalamu 750. Panali chiyeso chogula ya 1300 poganiza kuti yamphamvu ndiyo yabwino. Ayi. Raba ya ekiselo imapangidwa kuti ifewe pa katundu wake. Mukaisenzetsa theka, siipindika mokwanira, kalavani imangodumpha ngati chule, masikuluwu n'kumamasuka, mbale n'kumasweka.

Funso lenileni ndi poiika. Kalavani imayenda mowongoka ngati mbali ina ya kulemera kwake ikutsamira pa tow bar ya galimoto, chitsulo chokokera cha kumbuyo kwake. Ku America amalangiza magawo 10 mpaka 15 pa 100 aliwonse, ku Ulaya amakonda ochepa, cha pa 5 mpaka 7, ndipo tow bar iliyonse ili ndi kachitsulo kolembapo malire ake. Yomwe tikugwiritsa ntchito yalembedwa makilogalamu 75. Pamphuno, kutsogolo kwa kalavani pokolekera, pakapepuka kwambiri, liwiro likakwera kalavani imayamba kupita uku ndi uku, ndipo kugwedezekako kumanka kukula kokha. Pakalemera kwambiri, galimoto imatsika kumbuyo, matayala akutsogolo n'kupepuka, chiwongolero n'kumamveka ngati chikuyandama.

Masamu ake ndi a katungwe wa thabwa. Ekiselo ikakhala mamilimita 900 kuchokera kumbuyo kwa bokosi, kuchokera pa ekiselo kufika pokolekera pali mamita 2.74. Chinthu chilichonse, tengani kulemera kwake, chulukitsani ndi mtunda wake kuchokera pa ekiselo, gawani ndi 2.74, yankho ndi zimene chikuwonjezera kapena kuchotsa pamphuno. Khitchini ili pafupifupi mamita 0.6 kumbuyo kwa ekiselo, ndiye makilogalamu 10 aliwonse oikidwa kumeneko amapepuza mphuno ndi makilogalamu 2.2. Madzi malita 20, firiji yodzaza ndi miphika zikakwana makilogalamu 60, mphuno yataya 13. Batire la mtovu la mtundu wa AGM, la 100 Ah, lolemera cha m'ma 30, likakhala m'bokosi la kutsogolo mamita 2 kuchokera pa ekiselo, limabweza makilogalamu 22. La lithiamu, lotchedwa LiFePO4, la mphamvu yomweyo, lolemera cha m'ma 12, limabweza 9 okha. Ndiko kuti munthu angasinthe batire pofuna kupeputsa kalavani n'kuisandutsa yopukusa mchira osadziwa.

N'chifukwa chake ekiselo sitinaiwotcherere. Taimanga ndi mabawuti pa zitsulo ziwiri zoboola mabowo motalikirana mamilimita 50, kuti bokosi likatha tidzaisunthe. Mamadigadi adikirenso. Felemu, ekiselo, matayala atatu a mainchesi 13, chokolekera ndi katayala ka kutsogolo, zonse pasikelo: makilogalamu 152.

Kachinthu kena kakang'ono koma kopha: mutu wa tow bar ku Ulaya ndi wa mamilimita 50, ku America wofala ndi wa mainchesi 2, omwe ndi mamilimita 50.8, ndipo uliponso wa mainchesi 1 7/8. Ndi maso simungasiyanitse. Chokolekera chachikulu pa mutu waung'ono chimaoneka ngati chagwira mpaka pa bampu yoyamba. Werengani nambala yodindidwa pa zonse ziwiri.

Sabata 8 ndi 9, pansi ndi makoma

Pansi ndi sangweji: pulayiwudi wa mamilimita 9 pamwamba, timitanda ta paini ta mamilimita 25 ndi fomu yolimba yotchinga kuzizira, yotchedwa XPS, pakati, pulayiwudi wa 6 kunsi. Kunsiko tapaka epoxy katatu tisanatembenuze, makamaka m'mphepete, chifukwa pulayiwudi amamwa madzi kudzera m'mphepete ngati udzu. Bowo lililonse la bawuti taliboola lokulirapo, talidzaza epoxy, litauma tabooleranso pakati pake. Madzi akatsata bawuti apeza pulasitiki, osati thabwa.

Makoma atiphunzitsa kanthu. Pulayiwudi wa birch wa mamilimita 18 chipepala chimodzi chimalemera pafupifupi makilogalamu 36. Mukadula mzere wa teardrop amatsala cha m'ma 29. Njira yotchuka ndiyo kumuboola mazenera akuluakulu kuti angotsala chigoba, kudzaza fomu m'mabowomo, n'kumata pulayiwudi wa mamilimita 3 uku ndi uku. Aliyense amati njirayi imapeputsa. Titayeza, khoma lomalizidwa lafika makilogalamu 26. Masiku anayi a ntchito apulumutsa makilogalamu 3 pa khoma. Phindu lake lenileni ndi lina: fomu imatchinga kuzizira, ndipo mawaya amapeza njira m'kati. Pa zifukwa zimenezo tingabwerezenso, koma osati pofuna kupeputsa.

Makoma awiriwo tawadula ndi makina osemera matabwa otchedwa router, kutsata pateni imodzi ya MDF, thabwa la utuchi wopanikiza. Kudula lililonse palokha ndi jigsaw kumasiyanitsa mamilimita awiri kapena atatu, ndipo denga limadzaulula zimenezo pa phaso lililonse. Pomata fomu tagwiritsa ntchito guluu wa polyurethane. Guluu wa contact wa fungo lamphamvu uja amasungunula XPS nthawi yomweyo. Tinayesa pa kachidutswa, kanachita dzenje tikuona.

Sabata 10, denga

Mapaso ndi a 40 x 30 mm, motalikirana mamilimita 300 pamene pali pathyathyathya ndi 150 pokhota kutsogolo. Pulayiwudi wa mamilimita 3 amapindika mosavuta ngati mizere ya thabwa lake lapamwamba ikuyenda chopingasa, kuchokera khoma ili kupita khoma lina. Chipepala choyamba tinachiika mizere ili m'litali, chinalira kenako chinang'ambika pakati pa khona. Bowo la fani ya padenga ndi la 356 x 356 mm, mainchesi 14, muyeso wa ku America; zambiri za ku Ulaya ndi 400 x 400. Gulani fani kaye, mapaso adzatsate fani.

Sabata 11 mpaka 14, chivundikiro cha khitchini

Tinachipatsa sabata imodzi. Chadya zinayi.

Choyamba chinali ndi nthiti zinayi za pulayiwudi wa mamilimita 18, zodulidwa kutsata khona la khoma, ndi chikopa cha pulayiwudi wa 3 chomatidwa patebulo. Titachotsa zopanira, chikopacho chinafuna kuwongoka n'kukoka nthiti, moti m'makona a pansi munatsala mpata wa mamilimita 8. Mpata umenewo raba singautseke. Ndipo kumbuyo kwa kalavani yoyenda mpweya umazungulira n'kukokera fumbi ndi madzi m'kati kudzera pa kampata kalikonse.

Chachiwiri tachipanga mosiyana. Nthiti zisanu ndi imodzi, zakuya mamilimita 60, za m'mphepete zophatikiza ziwiriziwiri. Chigobacho tachimanga pamalo pake pa kalavani penipeni, titaika timatabwa ta mamilimita 6 pomwe padzakhale raba. Chikopa cham'kati ndi chakunja tamata chigoba chikadali chopanidwa pomwepo, ndipo tinasiya masiku awiri osachikhudza. Zikopa ziwiri zikamatidwa uku ndi uku zimagwirana, palibe chimene chingawongoke popanda kukoka chinzake. Mpata tsopano sukufika mamilimita 2.

Hinjesi ndi ija yaitali ya aluminiyamu yokolowekana, yomwe amaitcha hurricane hinge. Imatchinga madzi bwino m'litali mwake, koma imawatayira kumapeto. Mukaidula molingana ndi khoma, madziwo amagwera m'khitchini. Taisiya yotulukira mamilimita 12 mbali iliyonse.

Zotukulira za gasi, timapaipi tokankha chivundikiro kuti chikhale chotseguka, nazo zili ndi masamu. Chivundikiro chikulemera makilogalamu 25, ndipo chikatseguka pakati pa kulemera kwake pali mamita 0.55 kuchokera pa hinjesi. Chotukulira chikukankha pa mkono wa mamita 0.15 okha. Ndiye 25 x 9.8 x 0.55, kugawa ndi 0.15, zikupereka manyutoni, muyeso wa mphamvu yokankha, pafupifupi 900, kapena 450 chilichonse mwa ziwiri. Tagula za 500, popeza kukazizira gasi amafooka, pafupifupi magawo 3.5 pa 100 pa madigiri 10 aliwonse. Kupitirira apo n'kolakwikanso: mphamvu yonseyo chivundikiro chikatsekedwa imatsamira pa hinjesi usana ndi usiku, ndipo pang'ono ndi pang'ono imazula masikuluwu kapena kutukula pakati pa chivundikiro. Phaso lonyamula hinjesi talipanga la thabwa lolimba la oak, osati paini.

Sabata 15 ndi 16, aluminiyamu

Wa milimita imodzi, makilogalamu 2.7 pa sikweya mita. Makoma, denga ndi chivundikiro zatenga masikweya mita pafupifupi 11, makilogalamu 30 a kukongola kokhakokha. Penti pa nsalu ya fibreglass akanapepuka kuposa apa. Tasankhabe aluminiyamu tikudziwa, chifukwa ndiye amene anayambitsa loto lonseli.

Sitinamumate ndi guluu paliponse. Aluminiyamu amatalika mamilimita 0.023 pa mita pa digiri iliyonse. Pa khoma la mamita 2.4, kuchokera usiku wozizira kufika padzuwa la masana, kusiyana kwa madigiri 50 kumamutalikitsa mamilimita pafupifupi 3, pamene thabwa la kunsi silisuntha kwenikweni. Akamatidwa zolimba amasowa kolowera, amachita mafunde, guluu n'kumatuka zigambazigamba. Ndiye amangogwidwa ndi zitsulo za m'mphepete, mafelemu a zitseko ndi mamadigadi, mabowo ake n'kukhala okulirapo kuposa masikuluwu.

Pansi pa chitsulo chilichonse cha m'mphepete pali tepi ya raba yomata ya butyl, ndipo sikuluwu iliyonse yaviikidwa mu polyurethane isanalowe. Silikoni sitikumufuna pa kalavaniyi. Amamatuka mwakachetechete, penti samugwira, ndipo pamene panali silikoni wakale ngakhale watsopano sagwira. Pamene aluminiyamu akanakhudzana ndi felemu yachitsulo taika raba pakati. Zitsulo ziwiri zosiyana zikakumana pachinyezi, aluminiyamu ndiye amadyeka.

Kuyesa madzi: munthu mmodzi m'kati ndi tochi, wina panja ndi paipi, kuyambira pansi kukwera m'mwamba, mphindi zisanu pamalo aliwonse. Mukayambira padenga madzi amayenderera ponseponse, simudziwa polowera. Padontha pawiri: pa khona la m'mwamba la chitseko chakumanja, pomwe raba inakokedwa kwambiri n'kupyapyala, ndi pa sikuluwu imodzi ya fani imene inaphonya phaso.

Sabata 17, magetsi ndi mpweya

Batire ndi la LiFePO4, 12.8 V, 100 Ah. Silifuna kutchajidwa kukazizira kudutsa pa madigiri 0, choncho tatenga lokhala ndi kabongo kodzitetezera. Fyuzi yaikulu ili masentimita osakwana 18 kuchokera pa mutu wa batire; waya wapakati pa batire ndi fyuzi alibe chomuteteza, ndiye afupike. Firiji imakoka cha pa 5 A. Pa mtunda wa mamita 3, kupita ndi kubwera 6, waya wa 1.5 mm² amataya 0.35 V, wa 2.5 mm² amataya 0.21 V. Kusiyanako kumaoneka kochepa, koma kompuresa ikamadzuka imakoka zambiri, firiji n'kuganiza kuti batire latha n'kuzima. Taika wa 4 mm².

Nyali za kumbuyo zinkaphethira zonse pamodzi tikayatsa indiketa. Vuto linali la ethe, njira yobwerera magetsi, yodutsira mu felemu yopentedwa. Tsopano nyali iliyonse ili ndi waya wake wobwerera mpaka ku pulagi.

Chipinda chogona sichikwana makiyubiki mita atatu. Anthu awiri usiku umodzi amatulutsa madzi pafupifupi theka la lita popuma ndi m'thukuta, ndipo madziwo amakakhala pa chilichonse chozizira: mafelemu a mawindo, mitu ya masikuluwu, ndi kunsi kwa matiresi komwe nguwi imayambira. Taboola tizibowo tiwiri ta mpweya tosatsekeka, kamodzi m'munsi, kena m'mwamba, ndipo pansi pa matiresi tayala ukonde wokhuthala mamilimita 10. Gasi wophikira salowa m'chipindamo ngakhale pang'ono. Khoma la pakati pa khitchini ndi bedi talitseka mipata yonse, botolo lili panja m'bokosi loboola pansi popeza gasiyu amalemera kuposa mpweya, ndipo m'kati muli alamu ya mpweya wakupha wa carbon monoxide.

Sabata 18, pasikelo

Yopanda kanthu: makilogalamu 548. Tadutsa ndi 28. Kopelo likusonyeza kumene apita: makabati a khitchini a pulayiwudi wa mamilimita 15 pomwe wa 9 akanakwana, chivundikiro chachiwiri cholemera kuposa choyamba, ndi epoxy, guluu ndi masikuluwu zimene palibe anaziwerengera. Katundu wololedwa watsala makilogalamu 202.

Titaidzaza ngati ya paulendo, yafika 690. Mphuno tayeza ndi sikelo ya m'bafa, titaika kathabwa kuti chokolekera chikhale pa msinkhu wa tow bar, chifukwa chikakwera kapena kutsika nambala imasintha. Yapereka makilogalamu 41, osakwana magawo 6 pa 100. Tabweza ekiselo mabowo awiri, mamilimita 100, mphuno yafika 64. Apa ndi pomwe tamanga mamadigadi, ndipo lakumanja latsala mamilimita 40 okha kuchokera pa chitseko.

Ulendo woyesa unali wa makilomita 50. Manati a matayala tawamanganso ndi sipanala yoyeza mphamvu, awiri anali atamasukako. Habu yakumanzere inatentha kuposa inzake. Nati ya mabering'i inali yothina, taibweza pang'ono mpaka tayala likuzungulira momasuka popanda kugwedera, n'kuika pini yatsopano. Tayala losungira, poona manambala anayi a m'mbali mwake osonyeza sabata ndi chaka, lapezeka kuti lapitirira zaka zisanu ndi chimodzi ngakhale mapazi ake ndi atsopano. Lisinthidwa. Fumbi lalowabe m'khitchini pa khona la pansi lakumanzere, mzere wopyapyala wosonyeza pomwe raba sikugunda. Loko wa mbali imeneyo afunika kumusuntha mamilimita atatu kuti akoke kwambiri. Zatsala ndi vanishi wa m'kati, makatani, kuchotsa pulasitiki yoteteza aluminiyamu, ndi kugonamo usiku wozizira mawindo ali otseka kuti tione ngati tizibowo tiwiri tija tikukwana.